Timbalame ta Melchor

Amuna anga, a Ginés, ankasula malupanga kuno ku Toledo, mng'ono wawo Melchor n'kumapanga zigwiriro zake.

A Ginés ankapana chitsulo chofewa pakati pa zitsulo ziwiri zolimba, n'kuzisula pamodzi mpaka lupanga litatalika, loonda ngati bango. Akaliviika m'madzi a mumtsinje wa Tajo, ankaliyesa polipinda, ilo n'kuwongoka lokha. Melchor ndiye ankalowetsa mchira wa lupangalo m'kambale koteteza dzanja, kamene ankagobapo maluwa ndi timbalame, n'kukhomera chibulumwa chachitsulo kumapeto kuti lisalemere kunsonga.

Tsiku lina Don Íñigo, mkulu wa asilikali, anabwera kudzatenga lupanga lake. Sanalisolole n'komwe m'chimake. Maso anali pa kambale basi.

"Luso limeneli n'la ndani?" anafunsa.

"Langa, bwana," anayankha Melchor.

"Ku Madrid angakulimbirane iwe."

Mlendo atangochoka, a Ginés anaponya nyundo pansi.

"Kodi mdani amafa ndi maluwa? Ine ndizipsa nkhope pang'anjo, wina azitamandidwa chifukwa cha timbalame!"

"Nanga achimwene, ndikananama?"

"Ukanamuuza asolole aone."

"Inuyo pakamwa panali potseka?"

Kuyambira pamenepo a Ginés anakana kumupatsanso malupanga. Ndinawachonderera kuti, "Bambo a Inés, mlamu wanga walakwanji?" Anandiyankha kuti ngati nanenso timbalameto tandidya mtima, ndititsatire. Melchor anasamukira ku Madrid, nayamba kuveka timbale take malupanga ochokera ku Jeremani. A Ginés anayesa kupanga okha zigwiriro, koma zinkatuluka ngati zivundikiro za miphika, ogula n'kumaseka.

Pa chikondwerero cha tchalitchi cha Corpus, mlendo wina anaima pafupi nafe, lupanga lili m'chiuno. Timbalameto tinatizindikira tonse awiri. A Ginés anapempha kuti alione. Analisolola, natsamiritsa nsonga pamwala, n'kulipinda mpaka ine ndinatsinzina. Ankafuna lithyoke. Linawongoka bwinobwino, n'kulira ngati belu.

Analibweza kwa mwini wake. Kunyumba nkhwali imene ndinaphika inazizira m'mbale.

"Mjeremaniyo ntchito amaidziwa," anatero pambuyo pake.

Ndinayesa mtima wawo watsika, ndiye ndinati tiitane Melchor ku ukwati wa mwana wathu Inés.

"Muitaneni," anatero uku akutenga nyundo. "Abwere ndi mkulu wake watsopanoyo, wa ku Jeremani."