Gemu Imene Adadi Ankaiyamikira

"Makinawa ndiye nditenga ine," anatero Bigi, atagwada kuseri kwa tivi akumasula nthambo. "Ndinawagulira ndine."

 Amayi ankapinda malaya a malemu n'kumaika m'katoni. Mlongo wamng'ono wa Bigi, amene pakhomo amamutchula Wailesi chifukwa pakamwa pake sipazima, anangotulutsa mlomo.

Maliro anali atatha, alendo atabalalika. Masiku onse amenewo Bigi anauza aliyense, ngakhale azakhali ovutika kumva aja, kuti pa matenda awo bambo ake ankasangalala ndi gemu imene iye anawatumizira. Kubwera sankabwera, paja ntchito, koma mphatso ndiye anatumiza. Anthu ankagwedeza mitu n'kumati mwana ndi ameneyu.

Gawo loyamba la gemuyo anasewera ndi bambo akewo ali mwana. M'gemumo unkakhala mnyamata wosula mipeni, wofunafuna mbale wake wotayika, kagalu kotsimphina kali pambuyo. Ukamuchitira mwano mlonda wa pachipata, ankakusungira mkwiyo mpaka kumapeto. Tsiku limene kagalu kaja kanafa, bambo ndi mwana sanadye.

"Musanalongedze, tayesani kaye gawo lachiwirilo," anatero Wailesi. "Si munagula ndinu?"

Bigi analumikizanso nthambo n'kukhala pa sofa, padi yoyendetsera gemu ili m'manja. Dziko la m'gemumo linali lalikulu, lokongola, koma mwa zii ngati nyumba imene alendi angosamukamo. Mfumu inamutuma kukatola nthenga. Atabwera nazo, inamutuma nthenga zina. Anaiyankha mwamwano, inamuthokoza. Anaigwadira, inamuthokoza ndi mawu omwewo. Galu munalibe.

"Zachabechabe izi," anatero Bigi. "Amene anapanga loyamba aja anawachotsa ntchito kapena?"

Wailesi anaseka mpaka kugwira pamimba. "Mawu a adadi enieni. Tsiku lililonse. Ankati mfumu imeneyi itabwera pano angaipatse tsache, ikatole yokha nthengazo."

"Iwe, usamanamizire omwalira. Pafoni ankandiuza kuti ndi yokoma."

"Ee, pafoni."

"Wailesi, zima," anatero amayi osatukula mutu.

Koma Wailesi akayamba, wayamba.

"Ayi amayi, adziwe. Achimwene, adadi akayamba za chifuwa, inu mumati muli pamsonkhano. Akayamba za mankhwala, mumati netiweki. Koma akangoti m'gemu afika kuphanga la njoka, mumacheza mpaka foni kutentha. Ndiye ankasewera, maso akuwawa, zala zikunjenjemera, kuti Lamlungu akhale ndi chokuuzani."

Bigi anayang'ana amayi, akudikira kuti amukalipire mwanayo, anene kuti ndi mabodza ake a masiku onse. Amayi anatenga malaya oyera n'kuyamba kumanga mabatani, limodzilimodzi, mpaka la pakhosi.

 Bigi anaika padi pansi pang'onopang'ono ngati ya eni ake. Pa tivi mfumu inali chiimire, ikudikira nthenga. Anakumbukira mitu ija ikugwedezeka pamaliro, azakhali akumusisita paphewa, ndipo anafuna sofa itangomumeza.

"Nanga za ine ankanena chiyani?" anafunsa ndi mawu otsika.

"Za inu? Palibe. Iwo ankalimbana ndi mfumu."

"Ndikaimba foni ankatani?"

Potsanzira anthu Wailesi ndi katswiri. Aphunzitsi, aneba, mayi wa kugolosale, onse amawatha. Anapita pampando wa malemu uja, umene chichitikire maliro palibe anakhalapo. Anakhala. Anatsokomolera m'kampango mpaka chifuwa chonse kutha, n'kumwa madzi osaoneka. Anakupiza dzanja kuti m'nyumba mukhale bata. Kenako anakonza kolala ngati woimbayo awaona, n'kuwongola msana, n'kuika dzanja pakhutu. Kumwetulira kunayamba foni isanayankhidwe.

"Bwanawe," anatero ndi mawu a besi, "gemu yako ija..."

Mawu anathera pomwepo. Dzanja linakhalabe pakhutu.