Mbawala Imene Sitinadye

Ana anga awiriwo, Rodney ndi Curtis, anayamba kukangana asanamere mano, ndipo ine sindibisa, zimandisangalatsa. Pakhomo pakakhala zii ndimangosinza. Chaka chimenecho anakanganira uta wa bambo awo.

A Waino, amuna anga, anali ndi uta umodzi kuyambira Curtis ali kumanja. Masamba akangoyamba kufiira ankalowa nawo m'nkhalango kuseri kwa dambo lathu, ndipo mufiriji simunasowepo nyama ya mbawala. Koma chilimwe chimenecho utawo unang'aluka. Eni akenso phewa anali atang'ambidwa kuchipatala, adokotala n'kuwonjezera kuti mtima nawo watopa. Tonse tinkadziwa kuti akalowa m'nkhalango chaka chino ndi komaliza, koma aliyense anatseka pakamwa. Ine ndinanena. Ndinati inu ndi uta wanuwo mwathera limodzi. Anangondiyang'ana n'kupitiriza kumwa khofi.

Lamulungu lina Rodney anabwera kudzadya. Ameneyo amagulitsa magalimoto kutauni ya Marquette, mimba imalowa m'nyumba mwiniwake akadali pakhonde. Asanakhale n'komwe analengeza kuti agulira bambo ake uta wodula kuposa onse m'sitolo. Curtis, wamng'onoyo, amadula mitengo ndipo anabwerera pakhomo mkazi atamuthawa. Iye anati ayi, agule uta uja wokhala ngati mfuti, umene umaukungiratu n'kumangodikira ndi kachala. Phewa siligwira ntchito pamenepo.

Ine ndinathira mafuta. Rodney ndinamufunsa ngati wodulawo umabwera ndi phewa latsopano m'bokosi. Curtis ndinamufunsa ngati awagulirenso njinga ya olumala kuti zithere pamodzi.

"Adadi si nkhalamba," anatero Rodney.

"Iwe umawaona pa Khirisimasi basi," Curtis anayankha. "Jekete ndimawaveka ndine."

Mbatata zinazizira m'mbale. A Waino anadikira mpaka onse atasasa mawu, kenako anati safuna mphatso ya munthu. Agula okha, osati wodula wa Rodney, osatinso wotchipa wa ana asukulu, koma wapakatikati. Za uta wamfutiwo anati tidzawagwiritse ali m'bokosi la maliro.

Kusitolo tinapita tonse, poti palibe anafuna kuti mnzake apite yekha. Munali motentha bwino, mbaula ikuyaka, ine mpaka ndinavula sikafu. Mwini sitolo, mzibambo wadazi wosalankhulalankhula, anawayeza mikono a Waino n'kutsitsa mauta atatu. Wodulawo anali wopepuka ngati supuni, Rodney akuusisita ngati mwana wake. Wotchipa unkalira ngati chitseko chakale ukaponya. Wapakatikatiwo unali wobiriwira, wokhala ndi timawilo m'mapeto, ndipo wadaziyo anati ubwino wake ndi umodzi: umamvera mwiniwake. Anatulutsa kasipanala kopindika n'kutionetsa. Ukapotokola uku uta umalimba, ukapotokola uku umafewa. Anati wofewawo umapha mbawala bwinobwino, bola muvi ulowe pamalo pake.

Kenako anakoka mpando. Anati a Waino akhale pansi, anyamule mapazi, akoke ali chikhalire. Uta umene munthu angaukoke chonchi ndi umenewo wake.

Mukanawaona nkhope. Kukhala pampando pamaso pa ana awo? Anaukankha mpandowo ndi phazi n'kuuza wadazi kuti amange uta mpaka pomwe unkafika wakale uja. Anaimirira, analozetsa utawo kudenga, anakoka. Khosi linatupa mitsempha, nkhope inafiira ngati nyama yosaphika, mkono ukunjenjemera, koma nsinga inafika patsaya. Muvi unakalasa pakati penipeni pa chandamale.

Rodney anaomba m'manja. Anati waona, Curtis, ukufuna kuwaika m'manda anthu amoyo. Curtis anati muno ndi mofunda, ayese atakhala mumtengo m'mawa wonse manja atauma. Wadazi anangoyang'ana pansi, n'kuika kasipanala kaja m'kathumba pamodzi ndi mivi. A Waino anakatulutsa n'kukalowetsa m'thumba la malaya awo, ndipo kwa nthawi yaitali sitinakaonenso.

Curtis anakafunafuna nyumba yonse, mpaka m'chitini cha shuga. Ankafuna kufewetsa utawo mobisa. Ine ndinamuuza Rodney pafoni, osati chifukwa ndinali mbali yake, ndinkangofuna kumva kuti atukwana bwanji. Anatukwana bwino ndithu.

Mwezi woyamba wa ulenje a Waino ankapita n'kubwera chimanjamanja. Zazikazi ndi tiana ankazisiya zidutse. Laisensi anadula ya mbawala imodzi, kapepala kamodzi komangirira pa nyama, ndiye ankafuna yamphongo ija yanyanga zotambalala imene ankaiona m'mphepete mwa dambo.

Linali Loweruka la mu Novembala, madzi a galu ataundana m'mbale. Rodney anali atabwera kudzagona. A Waino anatuluka kusanache, ndipo anabwerera dzuwa lili pamutu, muvi uli m'manja. Sanavule nsapato. Anauika patebulo, pomwe ndinkakanda ufa wa buledi, ndipo ndinamva fungo ndisanauone. Sunali ndi magazi ofiira a m'mapapo. Unali wamatope obiriwira, wonunkha zam'mimba. Ndakhala mkazi wa mlenje moyo wanga wonse, sindinafune wondiuza.

Anafotokoza okha, maso ali pa muviwo. Anati yamphongo ija inabwera, inaima chopingasa pafupi kwambiri, moti ankaona nthunzi ikutuluka m'mphuno. Anakoka, uta unakana. Thupi lonse linali litauma pakampando kawo ka mumtengo. Anakokanso ndi mphamvu zonse, phewa linawabaya, chala chinamasula nsinga asanalunjike. Mbawala inapinda msana n'kumapita pang'onopang'ono, mchira uli pansi.

Apa mkangano unabuka, ndipo unali waukulu kuposa yonse. Curtis anati yolasidwa m'mimba siitsatiridwa tsiku lomwelo. Imakagona pafupi n'kufera pomwepo, ukailondola msanga imadzuka n'kuthawira kutali. Adikire mpaka mawa. Rodney anati wailesi yanena kuti madzulo kugwa chipale chofewa, magazi onse akwiririka, ndipo iye mawa ali ndi makasitomala. Curtis anati ndi iweyo unawaombera m'manja. Rodney anati ndi iweyo unawachititsa manyazi m'sitolo mpaka anachita makani. Ine ndinali ndi mawu okonzeka, abwino kwambiri, okhudza mimba ya Rodney. Koma ndinangopitiriza kukanda ufa wanga.

A Waino ndi amene anawaphunzitsa anawa kudikira. Ankadziwa kuti Curtis akunena zoona. Koma anaimirira n'kuvala chipewa.

"Ikumva ululu panopa," anatero. "Sindingakhale pano n'kumamwa khofi."

Anapita onse atatu. Anakaipeza itagona patsinde pa mkungudza, pafupi ndithu, monga ananenera Curtis. Inawamva, inadzuka, inalowa m'dambo pakati pomwe munthu amamira mpaka m'chiuno. Madzulo chipale chinagwa, monga ananenera Rodney. Ndiye onse awiri anali olondola, ndipo palibe anabwera kudzandinyadira.

Rodney makasitomala aja anawasiya, ndimuyamikire pamenepo. Onse atatu anaifunafuna mawa lake ndi mkuja. A Waino ankabwera milomo itachita bii, akupuma ngati galu, ine n'kumawakalipira kuti mufera nyama ya eni. Mapeto ake amene anawalondolera pomwe inafera ndi akhwangwala. Mimbulu inali itafika kale. Panatsala nthiti, ziboda ndi mutu.

Curtis anafuna kudula nyangazo kuti abwere nazo. Bambo ake anamuletsa.

Atafika kunyumba anakhala pampando wawo, anatulutsa kapepala ka laisensi kaja ndi mpeni, n'kuyamba kuboola tsiku ndi mwezi, monga umachitira ukapha. Rodney anati asatero, lamulo silikakamiza, nyama sanaitenge, ndipo nyengo ikadalipo, atha kupha ina.

"Ndapha kale," anatero a Waino. "Kungoti sitidya."

Anyamatawo atatuluka, anapisa m'thumba la malaya. Kasipanala kaja kanali momwemo nthawi yonseyi. Anaika uta pamiyendo n'kupotokola, uku kenako uku, osafulumira. Ndiye ananyamula mapazi, ali chikhalire pampando, n'kukoka. Nsinga inabwera yokha mpaka patsaya. Anaigwira pamenepo nthawi yaitali, mkono uli phee, kenako anaibweza pang'onopang'ono.

"Taona, Lempi," anandiuza. "Ngati kutsegula kabati."

Ndinati ndaona. Sindinawonjezere kanthu, ndipo amene amandidziwa sakhulupirira ndikanena zimenezi.

Anaupachika pamsomali kuseri kwa chitseko. Chipale chisanasungunuke a Waino tinawaika m'manda.

Utawo ukadali pomwepo, wobiriwira, watsopano. Anyamatawo amaukanganirabe Lamulungu lililonse akakumana. Rodney amati autenge Curtis poti ndiye amakhala kufupi ndi nkhalango. Curtis amati autenge Rodney poti ndiye anaukonda wolimba. Amakwezerana mawu mpaka mbatata kuzizira, ndipo amandiyang'ana kuti ndithirepo langa. Ine ndimangonyamula mbale n'kupita nazo kukatsuka.