Kapitawo wa m'kompyuta za ba Fackson

Fakitale ya nsalu itatsekedwa, ba Fackson, mlonda wa pageti kwa zaka makumi awiri, anagula makompyuta atatu n'kutsegula kakafe ka intaneti ku Kafue Estates. Koma ulonda sunawachoke. Mawindo anawotcherera zitsulo, chitseko maloko awiri, wolowa aliyense ankamupisa m'chikwama. Kompyuta ikalemba kuti pali chigamba chaulere chotsekera chiboo cha m'pulogalamu yake, iwo ankakana msangamsanga. Chaulere? Zaka zake za pageti aliyense wobwera ndi chaulere anali tambwali.

Lachisanu lina kunabwera Febby wa ku Nangongwe, atanyamula disiketi ya kalata yofunsira malo kusukulu ya unamwino. Tsiku lomaliza linali lomwelo, 16 koloko. Mtsikanayo ankangofuna kuisindikiza kuti akapereke pamanja ku Lusaka, koma ba Fackson anamuletsa.

"Osazivutisa na minibus, mwana wanga. Pa email ni one minute chabe, yafika."

Atangolumikiza intaneti, kompyuta inalemba kuti izima pakatha mphindi imodzi, n'kuyamba kuwerenga chobwerera. Inazimadi. Yachiwiri chimodzimodzi, yachitatu chimodzimodzi. Mkuluyo anagwedeza mawaya, anapukuta fumbi, mpaka anasuzumira kuseri kwa tebulo ngati kwabisala munthu. Kuitana thandizo ankakuona ngati kugonja, choncho 15 koloko inadutsa asanaimbire Taizya, katswiri amene anawagulitsa makinawo.

"Ba Fackson," anatero Taizya pafoni, "mukati muli program ili monga kapitao, ndiye iusha manchito yonse. Ili na kachiboo. Virus yangenela pamene apo, kupitila mu waya ya foni. Kapitao akagwa, vonse vigwa."

"Manje nichite bwanji? Nikhome chitseko?"

"Sichizathandiza. Mufunika patch, chigamba chija munali kukana. Kuidownloada ni forty minutes."

"Koma izima pa one minute!"

"Ndiye vuto iyo. Nizabwela na CD pa Monday."

Wakubayo akanakhala wa miyendo, ba Fackson akanamugwira pakhosi, koma uyu analibe pomugwira. Manyazi anawagwira kwambiri. Ku Lusaka kunali kutatalika tsopano, poti minibasi sinyamuka isanadzaze.

Febby sanaleke. Kompyuta ikadzuka ankalemba adiresi mothamanga, koma kalata isanakwere n'komwe inkazimanso. Anayesa mpaka 16 koloko inakwana.

Sanakuwe, sanalirenso. Anatulutsa disiketi yake, n'kuyang'ana mkuluyo kumaso.

"Ba Fackson, sembe munanileka chabe nayenda."