Denga la Kalino

Zeferino anali atazungulira kale nyumbayo kawiri, akugogoda chitseko ngati akusankha chivwende, pamene Tionenji anafika kuchokera kuchitsime.

"Amake Filesi, malata awa ndi abwino. Ndakupezerani munthu."

Zeferino ndiye ankagulitsira anthu zinthu pakomboni ya pulazi, munda waukulu wa fodya wa mzungu, ku Raffingora, iye n'kudyapo pang'ono. Mwamuna wa Tionenji, Kalino, anali atamwalira mwezi wathawo, ndipo mzungu anali atalamula kuti mkazi wopanda mwamuna wapantchito achoke pofika Loweruka. Dothi linali la mzungu. Za Tionenji zinali chitseko, zenera ndi malata khumi amene Kalino anagula limodzilimodzi. Ulendo wobwerera kwawo ku Dedza ndi mwana wake Filesi unali m'malata amenewo.

"Munthu wake ndani?" anafunsa Tionenji.

"Idrisa, telala uja. Mapaundi anayi. Sakufuna kugonamo, akufuna denga basi. Mawa masana abwera kudzasasula."

Tionenji anatula ndowa pang'onopang'ono. Kalino anali wa gule. Chaka chimene mzungu anadula nkhalango yonse kuti aziwotchera fodya, amuna a gule anasowa kosunga zinthu zawo zachinsinsi, ndipo Kalino anakwera m'denga ndi mtolo wokulunga m'saka, n'kuyala bango pansi pake. Sananene kanthu, mkazi wake sanafunsenso. Zaka zisanu ndi zitatu anasesa pansi pa mtolowo. Tsopano munthu wosavinidwa adzaugwetsa dzuwa likuswa mtengo, akazi ndi ana akuonerera. Manyazi adzakhala a malemu, mlandu udzakhala wake.

"Ndigulitsa ndekha, bambo Zeferino."

Zeferino anaseka mpaka chipewa chinapendekeka. "Inu? Mutu umodzi susenza denga, mayi."

"Koma mitu ikachuluka imasuzumira."

Masiku atatu anayenda khomo ndi khomo, Filesi ali kumbuyo. Aliyense ankafuna malata okha, ndipo iye sakanatha kufotokoza chifukwa chimene ankakanira. Keziya, mnzake wa kosankha fodya, anamukalipira ali pamtondo.

"Achemwali, maliro aja akuzunguzani mutu? Anayi a Idrisa mwawakana! Ku Dedza mupita pamsana pa ndani?"

Tionenji anangopukuta thukuta. Miyendo inali itatupa.

Lachinayi madzulo anapita kwa Pearson, woyendetsa thirakitala, amene ankaimba ng'oma za gule limodzi ndi Kalino. Anamupeza akukonza njinga pakhomo pa kanyumba kake ka udzu. Anagwada chapatali.

"Alamu, nyumba ija ndikuigulitsa ili chiimire. Wogula agonemo. Denga lisasasulidwe."

Pearson anasiya sipanala.

"Ndili ndi awiri okha, mlamu."

"Ndamva."

"Denga lija... munayamba mwaonamo ngati likudontha?"

"Chikwatiwire sindinayang'anepo m'mwamba."

Pearson anavomera ndi mutu, nalowa m'nyumba. Anatuluka ndi kansalu ka ndalama komanga mfundo, n'kupereka ndi manja awiri, monga amaperekera kwa munthu wamkulu.

Loweruka m'mawa lole ya papulazi yopita kumzinda wa Sozibele inaima pachipata. Zeferino anali pomwepo, manja m'thumba.

"Ndamvatu, amake Filesi. Awiri! Amenewo akakutulani pa Tete. Kuchokera pamenepo mudzauluka?"

"Miyendo ndili nayo," anatero Tionenji, akukweza mtolo wa zovala.

Lole itayamba kuyenda anacheuka kamodzi. Mkazi wa Pearson ankazira khonde, Pearson mwini atakhala pampando pakhomo, msana atatsamira chitseko. Tionenji anamangitsa Filesi kumsana, n'kuvula nsapato zake za tenesi, nazikulunga m'chitenje kuti zisathe msanga. Njira ya pa Tete inali ikadali kutsogolo.