Njinga ya a Chande

"Tengani njinga yatsopanoyi, achimwene. Ine mundipatse ya ababayo."

"Chifukwa?"

"Yangayi mabuleki onse akugwira. Inayo yatha."

"Ngati yatha, ukuifuniranji?"

Sufiyani anawerama n'kuyamba kupukuta belu la njinga yake, lomwe linali lowala kale. Mkulu wake Sadiki anamuyang'ana ngati akuyang'ana wogulitsa mbuzi yotsika mtengo mopitirira.

Linali tsiku lachisanu ndi chiwiri chimwalirire a Chande, bambo awo. Sadaka inali itatha, ashehe atabwerera kwawo. Mlongo wawo Habiba, yemwe anadwazika malemuwo miyezi inayi, ankatsuka mbale zobwereka kuseri kwa nyumba. Pakhonde amalume awo a Uladi anali atagawa kale mikanjo iwiri, makasu ndi wailesi popanda wodandaula. Chinatsala ndi njinga, imene inali yotsekeredwa m'kachipinda chidwalire mwini wake.

Njingayo inalibe dzina la kampani iliyonse. Felemu a Chande anabwera nayo kuchokera ku Joni. Gudumu lakutsogolo anasinthanitsa ndi nkhuku ku Ntaja, lakumbuyo linali la njinga ya mphunzitsi wina imene inagundidwa ndi lole. Keliyala anasula okha ndi zitsulo za bedi. Pansi pa chishalo anamangirira kachitini kosungiramo khadi la chipani, poti anyamata a pachipata cha msika sankadikira kuti munthu apisepise m'matumba. Inasenza matemba a ku Chiuta kuchoka ku Chikweo kukafika ku Balaka, ku Mangochi, mpaka ku Zomba.

Zaka khumi ndi ziwiri Sadiki ndiye ankaikankha mumchenga, bambo ake atagwira kutsogolo, mpaka pamene anakwatira n'kukakhala kwa mkazi wake kwa Kawinga. Sufiyani sanaikankhepo. Iye matemba omwewo anamupititsa kusukulu, ndipo tsopano anali kalaliki m'sitolo ya nsalu ku Balaka. Kumaliro anafika pa njinga yakuda yonunkha kusitolo, moti olira ena anayamba ayang'ana njingayo asanayang'ane ofedwa. Masiku asanu ndi awiri onse Sadiki ankailambalala, koma ankadziwa kuti ili ndi pampu, nyale, ndi kachikwama kachikopa.

Lero Sufiyani ankamupatsa yomweyo, ulere. Apa m'pamene panavuta. Chimene Sufiyani wachifuna, ndiye kuti chili ndi kanthu.

"Ababa anakuuza chiyani utabwera kudzawazonda?"

"Palibe."

"Munatsekerana m'nyumba."

"Ankandifunsa ngati ndimapita kumzikiti kukaswali ku Balakako. Basi."

"Iyayi. Munthu sataya njinga yatsopano chifukwa cha zitsulo za bedi."

Sufiyani anasiya kupukuta kuja. "Inu munayenda nawo, achimwene. Munagona nawo m'makonde a anthu, munadya nawo chinangwa m'njira. Nkhani zawo zonse mukuzidziwa ndinu. Ine ndikangoikhudza ankati, 'Chotsa manja, udetsa makope.' Sanandikwezepo, ngakhale pa keliyala."

Sadiki anamva kukoma kumene sanakuyembekezere pa sabata ya maliro. Zaka zonsezi ankadya mtima ndi nsapato za mng'ono wake, osadziwa kuti mwini nsapato akusirira matuza a m'mapazi mwake. Anayang'ananso njinga yatsopano ija. Inali itachepa.

"Amalume, mumve bwino," anatero mokweza. "Ya kusitoloyi sindikuifuna. Abwerere nayo ku Balaka. Ya ababa ndi yanga, ndinaikhetsera thukuta."

"Wakanitsitsa?" anafunsa a Uladi. "Mawa usadzati amalume anandipondereza."

"Ndakana."

"Chabwino. Habiba! Tatulutsa njingayo tiione."

Habiba anapukuta manja m'chitenje, natsegula kachipinda kaja. Ataitulutsa, amuna atatuwo anaizungulira. Inali yomwe ija, koma sinali yomwe ija. Chishalo chinali chitatsitsidwa mpaka kugunda felemu, pamene a Chande anali munthu wamtali. Pa zopalasira panali patamangidwa timatabwa tosemedwa bwino. Ndipo kuchokera pa keliyala kutsikira pakati pa gudumu lakumbuyo panali ulusi wa ukonde, wolukidwa mbali zonse ziwiri ngati kangaude.

"Matenda aja anawafika kumutu," anatero Sadiki. "Ukonde pa gudumu? Ankafuna kugwira matemba pamsewu?"

"Mwina n'zokongoletsa," anatero Sufiyani.

"Ababa kukongoletsa chinthu? Iwe sunkawadziwadi."

A Uladi anagwada, nakoka ulusi umodzi ndi chala. Unali wolimba, mfundo zake zofanana. "Uyu si munthu wozungulira mutu," anatero pang'onopang'ono. "Izi n'zoti nsalu isakodwe m'masipoko."

"Mkanjo ankaupinda m'chiuno," anatero Sadiki.

"Sindikunena mkanjo."

Sadiki anayang'ana timatabwa tija, nayang'ana chishalo, kenaka anayang'ana mlongo wake, amene mutu wake sunkafika n'komwe paphewa pake.

"Ankaluka m'mawa, chifuwa chikawaleka," anatero Habiba, maso ali pansi. "Ankati kuchipatala n'kutali, kumsika n'kutali, ndipo amuna a pakhomo pano ali ndi kwawo."

"Iwe sudziwa kupalasa," anatero Sadiki.

Habiba anabweretsa dengu la mbale zobwereka zija, naliika pa keliyala, nalimanga ndi chingwe cha mphira. Anamanga mopingasa kawiri, n'kupisa nsonga yake pansi, mfundo imene Sadiki ankaganiza kuti padziko lonse akuidziwa ndi anthu awiri okha, iye ndi bambo ake. Anatsina tayala lakutsogolo, natsina lakumbuyo. Kenaka anapendeketsa njinga, nakonza chitenje, nanong'ona Bisimilahi, n'kuuyatsa ulendo wokabweza mbale kutsidya kwa dambo. Pa mchenga wa pamphambano, pomwe Sadiki ankatsika nthawi zonse, iye sanatsike.

Sufiyani anagwira njinga yake yatsopano, osadziwa kuti aiimike kapena aikwere. A Uladi anayamba kupinda mkeka.

Sadiki anayang'anabe kunjira mpaka mbale zinaleka kumveka.

"Nanga ine anandisiyira chiyani?"