Bambo pa Katungwe

Anali pakhonde onse anayi, akudya mpunga ndi mphodza za m'mawa, foni ya Kopila itatsamira kapu ya tiyi. Chikondwerero cha Dashain chinali chitatha dzana, koma kanema wake anali asanathe. Mlamu wake Tilak anabwereka kandege kojambula kwa mnzake wa m'tauni, n'kukaulutsa pamwamba pa mudzi mpaka batire kutha. Ntchito yodula kanemayo inagwera Kopila, poti ndiye anali woleza mtima.

"Alamu, madenga aja musachotse," anatero Tilak. "Ndinavutika nawo."

"Madenga okhaokha mpaka tiyi kuzizira? Akulu anu amaonera foni ali m'basi ya kuntchito, tulo tili m'maso. Akangoona malata atatu agona."

"Nanga mitambo ija?"

"Ija si mitambo, alamu. Ndi kandege kanu katasochera."

Mwamuna wa Kopila, Yubaraj, anali ku Qatar chaka chachitatu, akumanga nyumba za eni. Anapempha chinthu chimodzi chokha: kanema wamfupi, aoneko kwawo pa Dashain.

Kopila anadula. Anachotsa pomwe kandege kankadzandira ngati kaledzera, anachotsa mbuzi za eni ndi minda ya mawere yongobwerezabwereza. Anasiya mpunga wakucha m'mbali mwa phiri, ana opakidwa zofiira pamphumi, ndi katungwe wa nsungwi pabwalo. Kenaka chala chake chinaima.

Pa Dashain munthu amayenera kukwera katungwe kuti alekane ndi dothi ngakhale kamodzi, ndipo apongozi ake aamuna, a Bhakta, sanaphonyepo chibadwire. Chaka chino anapitanso ku katungwe. Kandege kanawajambula kuchokera kumwamba: kachipewa, ndodo, ndi mzere wautali pafumbi pomwe mwendo wamanzere unkakhwekhwereza. Sitiroko inawagwira nthawi ya mvula, ndipo Yubaraj sanauzidwe. Iye akamaimba foni ankawapeza bambo ake atakhazikidwa kale pampando, bulangeti lili pamiyendo.

"Apo chotsa, mwanawe," anatero apongozi aakazi, a Harimaya, atasuzumira paphewa pake.

"Amayi, m'kanema yense apa pokha ndi pomwe munthu angayang'ane kawiri."

"Akaona abwera. Akabwera, ntchito yatha. Ndiye adzatani kuno, kuulutsa tindege ngati mng'ono wakeyu?"

Tilak anaweramira m'mbale. Chidwalireni bambowo, udzu wa njati yawo yoweta unali wa Kopila, madzi ake, munda wake, ndipo madzulo ankamwetulira pafoni n'kunena kuti onse ali bwino. Msana unkawawa, koma chomutopetsa kwambiri chinali kumwetulirako. Ankangofuna mwamuna wake adziwe. Kubwera kaya kusabwera, asankhe yekha.

"Tandionetsa," anatero a Bhakta, akupukuta dzanja labwinolo pabondo.

Anaonera foni ili pafupi ndi mphuno.

"Ndimayenda chonchi?"

"Inde, bambo."

"Ine ndimayesa ndimabisa bwino."

Anaonera mpaka pomwe Tilak anawakhazika pathabwa la katungwe n'kuwakankha pang'onopang'ono, mapazi n'kuchoka pansi. Anapumira m'mwamba, n'kubweza foni.

"Kuyendako fupikitsa, kwanditopetsa ngakhale ine mwini wake. Koma usachotse konse. Mwana aone kuti ndinakafika ndekha, ndipo ndinakwera."

A Harimaya anatolera mbale. Kopila anasiya masitepe ochepa okha, okwanira kuti mzere uja uoneke, kenaka katungwe. Nyimbo sanaikepo. Anatumiza, n'kutenga chikwakwa ndi dengu kupita kukamweta udzu. Tsiku lonse foni inali zii.

M'mawa mwake akukama njati, foni inalira m'thumba la juzi. Anali Yubaraj, ndipo sanapereke moni.

"Zinayamba liti?"

"Nthawi ya mvula."

Kwa kanthawi kunkangomveka injini ya basi ndi anthu akutsokomola.

"Ndipo iwe wakhala ukusenza zonse wekha?"

"Tilak amathandizako."

"Tilak ndikumudziwa. Ndilankhula ndi kapitawo lero lomwe za tchuthi. Apatse foni amayi."

Kopila anapukuta manja pansalu, n'kukawapeza a Harimaya akusesa pakhomo. Iwo anayang'ana foniyo kaye, kenaka anaika tsache pansi n'kuilandira ndi manja awiri. Kopila anabwerera kukhola, anaisisita njati pamsana kuti iime bwino, n'kupitiriza kukama.