Mzere wa Amayi a Tsabola

Asilikali atalengeza kuti akusiya boma, Meja Oyelaran anavula yunifolomu, n'kuvala mkanjo woyera, n'kuyamba kupempha mavoti kuti akhale tcheyamani wa khonsolo. Morenike, mayi wogulitsa tsabola, ataona chithunzi chake pakhoma analavula. Meja yemweyo ndi amene anagumula msika wawo zaka zitatu zapitazo, amayi akulira, iye akuyang'ana wotchi.

Chisankho cha chaka chimenecho chinalibe mapepala. Munthu ankaima pamzere kumbuyo kwa chithunzi cha amene akumufuna, aliyense akuona.

"Mayi, nkhope yanu tikuidziwa," anatero bambo wina wa gulu la Meja, atavala magalasi akuda.

"Muidziwitsitse, achimwene. Mawa ndidzakhala nayo yomweyi."

Morenike anakaima kumbuyo kwa chithunzi cha mphunzitsi Fagbemi, amene ankapikisana ndi Meja. Amayi anzake anamutsatira mmodzimmodzi mpaka mzere unakhota kuseri kwa sukulu.

Kalaliki wowerenga anayenda akugwira anthu mapewa. Atafika pakati anatembenuka. "Mazana awiri. Balalikani."

"Nanga otsalafe ndife mbuzi?" Morenike anakhala pansi pafumbi pomwepo, anzake nawonso. Anayamba kudziwerenga okha mokweza, aliyense akutchula nambala yake. Wapolisi amene ankalondera pamalopo anayang'ana kumbali. Kalaliki anabwerera thukuta lili kamukamu, n'kulemba mazana anayi ndi khumi ndi asanu ndi awiri. Meja anagwa, Fagbemi n'kukhala tcheyamani.

Patatha mwezi, Morenike anapita kukhonsolo kukafunsa za malo a msika. Mlonda wa pageti anamubweza katatu. "Bwana ali pamsonkhano. Lembani kalata."

Ulendo wachinayi anabwera ndi amayi makumi asanu, madengu ali pamutu. Anayala tsabola ndi tomato pageti penipeni, galimoto ya tcheyamani n'kusowa potulukira. Fagbemi anatuluka wapansi.

"Mayi anga, zinthu za boma zimafuna kudekha."

"Aphunzitsi, Meja ankatithamangitsa chifukwa mpando anautenga ndi mfuti. Inu mfuti mulibe. Amene mwawasiya panja panowa ndi amene anakhala pafumbi tsiku lija. Tichoka mukatchula tsiku."

Fagbemi anatchula Lachisanu.

Lachisanu anthu oyeza malo anabweradi. Morenike anapatsidwa kamalo kakang'ono pafupi ndi ngalande yonunkha. Anakhomapo benchi yake, ndipo Lolemba anabwerera kukhonsolo kukakalipa za ngalandeyo. Mlonda atamuona akubwera anatsegula geti osamufunsa kanthu.